Ng'oma za M'kabokosi

"Chikuchedwa! Ndikukuuzani, chinthu ichi chikuchedwa!"

Mphezi anavula mahedifoni n'kuwaponya pampando. Patebulo la pabalaza panali kabokosi kakuda, kophwatalala, kukula kwake ngati thireyi ya makapu. Pamwamba pake panali mabatani a labala, mizere inayi, mzere uliwonse mabatani anayi, ndipo lililonse linkayaka likagundidwa. Kachingwe kankachoka pakabokosiko n'kukalowa m'tabuleti yong'aluka pakona, imene anaitsamiritsa ku chitini cha shuga.

Mkazi wake sanatukule mutu. Anali pamakina osokera pafupi ndi windo, mapini awiri ali kukamwa, akupinda diresi ya kasitomala.

"Chikuchedwa kupita kuti?" anafunsa atalavulira mapiniwo m'manja.

"Musandiseke, mayi. Ndikamenya pano, mawu akutuluka mawa. Ng'oma yeniyeni ukaigunda imayankha pompo. Ichi chimayamba chaganiza kaye."

"Ndiye mwapezana. Inunso ndikakufunsani kanthu mumayamba mwaganiza kaye."

Mphezi sanaseke. Anayang'ana kabokosiko ngati mlendo amene wakhala pampando wa mwini nyumba.

Dzina loti Mphezi anam'patsa ndi anzake akadali mnyamata, chifukwa manja ake akagwira timitengo sankaoneka. Tsopano imvi zinali zitalowa m'ndevu, koma dzinalo linakanirira. Kwa zaka zambiri ankaimba madiramu m'bandi ya mlamu wake, mlongo wa mkazi wakeyu, amene ankaimba kiyibodi. Ankaimba m'maukwati ndi m'maphwando a makampani, mpaka pamene anthu anayamba kuona kuti munthu mmodzi wa laputopu amadya pang'ono kuposa bandi yonse. Ntchito zinayamba kusowa. Ndiye mlamuyo atapeza malo okhazikika, lesitilanti ina imene inkafuna bandi Lamulungu lililonse masana, mitima ya onse inakhala pansi.

Koma panali vuto. Kakona komwe anawapatsa kanali kochepa, pakati pa khomo la kukhitchini ndi mphika waukulu wa maluwa, ndipo manijala ananeneratu kuti madiramu ayi. Anati anthu amabwera kudzadya ndi kucheza, osati kudzagonthetsedwa m'kutu.

Umo ndi mmene kabokosi kanalowera m'nyumba muno. Mlamu anakabweretsa yekha, pamodzi ndi tabuleti yake yakale.

"Awa amati mapadi, alamu," anatero tsiku limenelo. "Ng'oma zonse zili m'tabuletimu, mabataniwa ndi zitseko chabe. Inu muzingogunda ndi zala. Ili ndi ng'oma yaikulu, ili ndi sineya, kang'oma kolira pha kaja, awa ndi mbale zachitsulo zija."

Mkazi wa Mphezi anaseka mpaka kugwira m'nthiti. "Mukamatchula dzinalo pagulu muzifotokoza bwino, bambo. Anthu angaganize kuti mwayamba kugulitsa za azimayi."

Kuyambira tsikulo Mphezi ankangoti kabokosi. Madiramu ake enieni anali kuchipinda, osanjikizana pakona, atawafunditsa nsalu yakale ya pabedi. Chisamukireni m'nyumba yosanjayi sanawagundepo, chifukwa apansi anali ndi khanda ndiponso lilime lakuthwa.

Kokonzekera nyimbo kunali kugalaja ya mlamu. Madzulo a tsiku limene Mphezi anaponya mahedifoni lija analumikiza tabuleti ku sipika ina yopanda chingwe, n'kuyamba ndi nyimbo yosavuta, imene anaiimbapo kosawerengeka. Sinafike n'pakati pomwe. Woimba wawo, mayi wa mawu aakulu amene onse ankamutchula kuti Anti, anakweza dzanja.

"Achimwene, kodi ine ndikuthamanga kapena inu mukutsalira? Ndikumva ngati ndikukankha wilibala yopanda tayala."

"Si ine, Anti. Ndi chinthuchi."

Anayambanso. Zinali chimodzimodzi. Wa gitala, munthu wosakonda kulankhula, anasiya kumvera Mphezi n'kumagunda phazi lake pansi kuti adzisungire yekha nthawi. Chimenecho chinam'pweteka Mphezi kuposa mawu a Anti. Zaka zonsezi wa gitala ankatsamira pa iye ngati munthu wotsamira khoma, osacheuka n'komwe kuti aone ngati khomalo lilipo.

"Timadziwa kuti wolephera kuvina ndi amene amati ng'oma yaipa," anatero Anti akupukuta thukuta. "Koma lero zatembenuka. Mwini ng'oma ndi amene akuinena."

Atamaliza, mlamu anam'perekeza mpaka pageti. Anayenda akukankha timiyala ndi nsapato.

"Alamu, ndinene mosapsatira mawu. Kiyibodi yangayi ili ndi ng'oma zake m'kati. Ndikangodina batani limodzi zimalira zokha mpaka nyimbo kutha."

"Ndiye mukufuna kundichotsa ndi batani?"

"Ndikanafuna kutero sindikanavutika n'kusaka kabokosika. Ng'oma za m'kiyibodi zilibe makutu, alamu. Anti akafuna kukoka mawu, izo zimangopita ngati sitima. Ine ndikufuna munthu. Koma malo aja sitingawataye, tonse tikudyera pomwepo. Pitani nako kwa odziwa akakaone. Safunsa anadya phula."

M'mawa mwake Mphezi anaika zonse m'chikwama n'kupita kumsika wa mafoni, khonde lalitali la timashopu kuseri kwa depoti ya mabasi. Anadutsa ogulitsa machaja ndi makava, onse akum'koka malaya, mpaka anafika pa kawindo ka mayi wina amene anthu ankamutcha Dokotala. Anam'peza ataweramira foni yotsegula pamimba, pansi pa nyale yowala kwambiri, kautsi ka mtovu kakukwera pang'onopang'ono.

"Wodwala ndani, bambo?"

"Onse awiri," anatero Mphezi akutulutsa tabuleti ndi kabokosi. "Sakumvana."

Dokotala anamvetsera nkhani yonse osam'dula. Kenako ananyamula mahedifoni aja n'kuwatembenuza uku ndi uku.

"Awa ndi opanda chingwe. Nanga sipika yomwe munkaimbira dzulo?"

"Nayonso yopanda chingwe. Alamu anati ndi zamakono."

"Zamakono zomvera, osati zoimbira. Onani, mawu akamadutsa mumphepo amayamba alongedzedwa kaye ngati katundu, kenako atumizidwe, akafika amasulidwe. Mukamamvera nyimbo ya wina simungadziwe kuti yachedwa panjira. Koma mukamagunda nokha, khutu limagwira wakuba."

Anatsegula dirowa n'kutulutsa kachipangizo ka makomo atatu, kukula kwake ngati bokosi la machesi. Anakalowetsa m'tabuleti. Khomo lina analumikiza kabokosi, lina mahedifoni achingwe, lina chaja.

"Chaja musamaiwale. Kabokosi kanuka kamayamwa moto wa tabuleti ngati mwana wa ng'ombe. Mungadzazime pakati pa nyimbo anthu ali m'mwamba." Anatseka mapulogalamu ena onse amene anali otsegula, n'kusiya ya ng'oma yokha. "Tayesani tione."

Mphezi anavala mahedifoni. Anagunda batani la pakona ndi chala chimodzi cha dzanja lamanja.

Du! Mawu anafika pamodzi ndi chalacho. Anagundanso. Du! Du-du!

"Ndinkanena ine!" anafuula, osadziwa kuti wakweza mawu. Ogula apafupi anacheuka. "Ndinkanena kuti si ine! Amayi, mukanakhalapo dzulo mukanandiikira umboni."

"Umboni mungadzipangire nokha," anatero Dokotala akumwetulira. Analoza kabatani kofiira pagalasi la tabuleti. "Mukadina aka, imajambula zonse zimene mukugunda. Muwatumizire alamu anuwo amve okha."

Anabwerera kunyumba akuimba mluzu, chikwama chili pamiyendo m'basi ngati mwana amene wachira.

Anapeza mkazi wake atapita kukapereka diresi ija. Dzuwa la masana linali litalowa pawindo n'kugwera patebulo. Analumikiza zonse monga anam'phunzitsira, n'kuyatsa kabelu kosunga nthawi ka m'pulogalamumo, kamene kamangoti ke, ke, ke, osatopa. Anadina kofiira kaja n'kuyamba nyimbo imene inawakanika kugalaja. Dzanja lamanja linali pa ng'oma yaikulu ndi mbale zachitsulo, lamanzere pa sineya, monga mwa masiku onse.

Pagalasi panali mizere yoimirira ngati mipiringidzo ya pawindo. Mzere uliwonse unali pamene kabelu kamalira, ndipo akagunda batani, kadontho kankagwera pamalo pamene wagundapo. Atamaliza anadina kuti amve.

Anamvetsera mpaka kumapeto. Anabwezanso.

Madontho a dzanja lamanja anali pamizere ndendende. A sineya onse anafika mochedwa, lina pang'ono, lina kwambiri, ngati mwana wotopa amene mayi ake akum'koka pamsewu.

Anajambulanso. Analuma mano, anaika mtima wonse pa dzanja lamanzere n'kulilamula kuti lifulumire. Ulendo uno madontho ena anafika msanga, ena mochedwa. Zinaipiratu. Anaganiza kuti mwina batani la sineya ndi limene lili lolimba, ndiye analigunda ndi dzanja lamanja. Madontho onse anagwera pamizere.

Anavula mahedifoni pang'onopang'ono, n'kugoneka dzanja lamanzere pantchafu.

Sizinali zachilendo kwa iye. Dzanzi linayamba kale, m'kachala kakang'ono ndi kotsatana nako, ngati munthu wagonera mkono, kungoti silinkatha. Kenako dzanja lonse linayamba ulesi. Paukwati wina kamtengo kanam'pulumuka pakati pa nyimbo n'kukagwera pamapazi a mkwati. Anthu anaseka, iyenso anaseka, n'kunamizira thukuta. Pa madiramu zinkabisika. Ankamenya ndi mkono wonse, ndipo phokoso linkakwirira zotsala. Koma kabokosi kankafuna zala, ndipo tabuleti inkangolemba zimene yamva, osachita manyazi ndi imvi za munthu.

Anakumbuka bambo ake. Nawonso anayamba ndi dzanja. Ankati ndi mphepo chabe, mpaka m'mawa wina anawapeza atagwa kubafa, mbali imodzi itafa. Anakhala zaka zingapo pampando wa pakhonde, akuyang'ana odutsa, mawu osatuluka. N'chifukwa chake Mphezi sanafune kuuza munthu aliyense, ngakhale kudziuza yekha. Ankaona ngati chinthu chimene sukuchitchula chimatha kutopa n'kubwerera komwe chachokera.

Akuyang'anabe pagalasipo, anaona kabatani kena m'munsi, kokhala ndi chithunzi cha maginito. Anakakhudza mongoyesa. Madontho onse analumphira pamizere, ngati ana asukulu aona mphunzitsi wamkulu akutulukira pakona. Anavalanso mahedifoni n'kudina kuti amve.

Inali nyimbo yowongoka, yoyera. Sineya inkagwa pamalo pake, pha, pha, osaphonya. Umu ndi mmene ankaimbira kale. Anaimvera mpaka kumapeto, mtima ukum'koma ndi kum'pweteka nthawi imodzi. Kenako, asanadzipatse mpata woganiza, anaitumiza kwa mlamu wake.

Foni inalira madzi a tiyi asanawire n'komwe.

"Alamu! Ndi inu awa? Mphezi wabwerera! Ndamuyatsira Anti kuti amve, akuti akupepesa, wabweza mawu ake onse. Lamulungu tikawaonetsa!"

"Tikawaonetsa," anatero Mphezi, mawu ali pansi.

Mkazi wake atalowa anam'peza atangokhala, tabuleti itazima yokha, tiyi atazirala m'kapu.

"Mlongo wanga wandiimbira ndili m'basi, akusangalala ngati mkazi wake wabereka mapasa. Nanga inu nkhope bwanji, ngati mwameza ntchentche?"

"Kutopa chabe."

"Tandimvetsani."

Anam'patsa mahedifoni n'kuyatsa zojambula zija. Mkaziyo anamvera ataimirira, akugwedeza mutu, thumba la ulusi lili m'manja.

"Yakoma. Tsopano imbani ndikuona."

"Mwamva kale."

"Ndamva tabuleti. Ndikufuna ndione amuna anga."

Mphezi anayang'ana kuwindo. Pansi, mumsewu, anthu ankakankha galimoto yokana kulira. Mkazi wake anaika thumba pansi, anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana naye.

"Bambo, malaya anu oyera aja, masiku ano akuvuta kumanga mabatani?"

"Ayi. Akumangika bwinobwino."

"Akumangika chifukwa ndinakuza mabowo. Malaya anu onse ndinawakuza, inu muli kugalaja. Ndinkakuonani m'mawa mukulimbana ndi batani limodzi ngati mukumanga mbuzi. Kapu mumanyamula ndi dzanja lamanja lokha. Mukaona ngati ndayang'ana kwina, mumayamba kulitikita linalo."

Mphezi anafunsa, "Bwanji simunanene?"

"Ndimadikira mwini dzanja. Koma ndaona kuti mwini wakeyo akufuna kubisa matenda mpaka maliro aulule."

Pamenepo anamuuza zonse. Anamuonetsa madontho, anamuonetsa kabatani ka maginito, anamuuza za uthenga umene watumiza kwa mlamu. Za bambo ake anazinena pomaliza, maso ali pansi, mawu akutuluka movuta ngati akukoka chingwe chokodwa.

"Apongozi anga sanapite kuchipatala," anatero mkaziyo. "Inu mupita. Mwina ndi zomwezo, mwina si zomwezo. Ife awiri sitingadziwe titakhala pano. Zengerezu analinda kwawukwawu."

"Nanga Lamulungu?"

Mkaziyo anakokera kabokosi kwa iye n'kukayang'anitsitsa, ngati mmene ankayang'anira nsalu asanaidule.

"Kodi sineya yanuyi anaikhomera ndi msomali kumanzereku?"

"Sineya imakhala kumanzere, mayi. Ndi mmene zimakhalira."

"Pa madiramu, inde. Nanga apa? Si mlongo wanga uja anati mabataniwa ndi zitseko chabe? Ine kasitomala akakhala wamanzere, thumba la diresi ndimam'sokera kumanzere. Palibe amene anandimangapo."

Anafufuza awiriwiri, mitu itagundana pagalasi, mkaziyo atavala magalasi ake osokera. Analakwitsa kangapo. Nthawi ina mabatani onse anayamba kulira ngati belu la pakhosi pa ng'ombe, ndipo anaseka mpaka apansi anagogoda denga lawo ndi mtengo wa tsache. Pomaliza anapeza njira yokokera liwu lililonse n'kuliika pa batani limene akufuna. Mphezi anaika ng'oma yaikulu pansi pa chala chachikulu cha dzanja lamanja, sineya pansi pa chala cholozera, ndi kambale kosunga nthawi pansi pa chala chapakati. Lamanzere analisiyira mbale yaikulu, yogunda mwa apo ndi apo ndi chikhatho.

Masiku otsatirawo anali a mwana wophunzira kuyenda. Zala zinkasokonezana, chachikulu chinkalanda ntchito ya chinzake, ndipo dzanja lamanzere linkathamangira kumene kunali sineya kale n'kupeza kuti mwini wake anasamuka. Koma pang'onopang'ono madontho anayamba kugwera pamizere okha, popanda maginito. Nyimbo zodekha zinatheka. Zinatsala ziwiri zothamanga, zija zodzutsa anthu m'mipando. Zimenezo zinkafuna manja awiri amoyo. Akafika pakati, dzanja lamanja linkauma ngati nkhuni.

Pakati pa sabata anapita kwa dokotala weniweni, wa anthu, mkazi wake ali pambali ngati wapolisi woperekeza mkaidi. Dokotalayo anam'pinda chigongono, anam'baya zala ndi kasingano n'kumufunsa pamene akumva ndi pamene sakumva. Anati mwina ndi mtsempha wopanikizika, koma magazi ankathamanganso mopitirira, ndiye anam'patsa mapiritsi n'kumuuza kuti adzabwerenso adzamuunike bwino. Sanalonjeze chilichonse. Komabe Mphezi anatuluka atapepukidwa, chifukwa katundu amene ankasenza yekha tsopano anali ndi om'gwirira.

Loweruka kugalaja, asanalumikize chingwe chilichonse, anaima pakati pa anzake.

"Zimene ndinakutumizirani zija, alamu, zinawongoledwa ndi makina. Kuchedwa kwina kunali kwa sipika, n'zoona. Kwina ndi kwa dzanja ili." Analikweza. "Lachita dzanzi, ndipo ndayamba kupita nalo kuchipatala. Anti, kupepesa kwanu kuja, tengani theka lake mubwerere nalo."

Palibe amene anaseka. Anti anagwira pakamwa. Mlamu anayang'ana dzanjalo, kenako nkhope ya Mphezi.

"Mlongo wanga akudziwa?"

"Anadziwa ine ndisanadziwe."

"Ndi ameneyo," anatero mlamu akupukusa mutu. "Nanga tsopano titani?"

"Yatsani mumve."

Ulendo uno sipika anailumikiza ndi chingwe. Anayamba ndi nyimbo ija ya wilibala. Mphezi anaimba mosakometsera, osathamangitsa zala m'mipata monga ankachitira pa madiramu. Ankangogunda zofunika zokha, maso ali pamapewa a Anti kuti aone pamene akokere mpweya. Pakati pa nyimbo anaona kuti phazi la wa gitala lasiya kugunda pansi. Anti atafika kumapeto anakoka liwu lomaliza monga ankakondera, ndipo ng'oma zinam'dikira.

"Theka lija ndalibwezanso," anatero Anti, mawu atagwa. "Khalani nako konse."

Nyimbo zothamanga zinakanika monga Mphezi ananenera. Anayesa yoyamba, inagwa pakati. Anayesa yachiwiri, inagwa msanga. Mlamu anakanda m'mutu, kenako anam'tengera pambali, pafupi ndi matayala akale.

"Ziwirizi ndiziyatsa za m'kiyibodi. Inu muzingoyendetsa zala pamwamba pa mabatani, ine ndidzatsitsa mawu anu. Adzadziwa ndani? Anthu amakhala ali kalikiliki ndi mafoloko."

"Ndidzadziwa ndine."

"Alamu, ndikufuna kukutetezani. Manijala akaona munthu wangokhala manja lende, adzafunsa kuti wachinayiyu ndi wa chiyani. Munthu uja amawerenga ndi mipando yomwe."

"Akafunsa mudzamuuze zoona. Ndinayesa kale kuimba ndi manja a makina. Zinakoma m'khutu, koma sizinanditsike pakhosi."

"Ndipo akati tikhale atatu?"

Funso limenelo Mphezi anali atadzifunsa kale, kangapo konse, ndipo yankho lokoma analibe.

"Akatero mudzakhale atatu. Sindidzakusungirani mangawa."

Mlamu anapumira m'mwamba. "Mlongo wanga anakwatiwa ndi mwala," anatero. Koma anam'gwira paphewa akunena zimenezo, ndipo sanachotse dzanja msanga.

Lamulungu lesitilanti inadzaza. Kakona kawo kanali kochepadi. Nthawi iliyonse chitseko cha kukhitchini chikatseguka, mphepo yotentha inkawomba Mphezi kumsana, ndipo operekera zakudya ankadutsa chammbali, mathireyi ali m'mwamba. Kabokosi kanali pa katebulo kakang'ono, chaja italumikizidwa kukhoma kuseri kwa mphika wa maluwa. Mkazi wake anakhala patebulo la pafupi ndi khomo, botolo la zakumwa lili patsogolo pake, osalikhudza.

Nyimbo zoyamba zinayenda bwino. Anthu ankadya, ena akugwedeza mapewa. Mkulu wina anadzaima pafupi, akusuzumira kuseri kwa maluwa kufuna kuona kumene ng'oma zabisidwa, ndipo atazindikira kuti zikuchokera pansi pa zala zitatu anabwerera akupukusa mutu.

Kenako inakwana nthawi ya nyimbo yothamanga. Mlamu anacheuka n'kumuyang'ana, maso akufunsa komaliza. Mphezi anachotsa manja pakabokosi n'kuwaika pamaondo. Mlamu anadina batani lake.

Ng'oma za m'kiyibodi zinalira mwamphamvu, zowongoka ngati njanji. Mipando inakankhidwa, anthu anaimirira. Mphezi anakhala chomwecho, msana utawongoka, mabatani ake onse atazima. Ankayembekeza kuti maso onse akhala pa iye, koma ovinawo sanam'cheukire n'komwe, ndipo sanadziwe ngati zimenezo zam'tonthoza kapena zam'pweteka. Munthu mmodzi yekha ndi amene ankamuyang'ana. Manijala anali ataima pakauntala, manja atapinda, ndipo Mphezi ankamva maso akewo ngati dzuwa pakhosi. Sanatukule manja.

Nyimbo itatha, anthu akuomba m'manja, manijala anadutsa pakati pa matebulo n'kudzanong'oneza mlamu kanthu kena. Mlamu anagwedeza mutu, ndipo manijalayo anabwerera.

"Akuti chiyani?" anafunsa Mphezi.

"Akuti tikambirane tikamaliza."

"Za ine?"

"Sananene." Mlamu anazimitsa ng'oma za m'kiyibodi n'kukonza maikolofoni. Anti anali atamwa madzi, akudikira. Wa gitala anali atatembenukira kale kwa iye. "Tikadali ndi nyimbo zambiri, alamu. Tiyambitseni."

Mphezi anapukuta zala pa thalauza, anaziika pamabatani ake atatu, n'kuyamba.